Ulendo wa ku Heacham, kwao kwa John Rolfe

Loweruka lapitali ndinakwera sitima ku London mpaka King's Lynn, kenako basi yolowera ku Hunstanton nkutsikira pa Heacham, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ku Norfolk. Chinandikokera kumeneko ndi fodya. Ine ndinakulira ndalama za fodya, bambo anga ankalima bale ku Kasungu ndipo fizi yanga yonse ya kusekondale inkadikira okushoni, ndiye nditamva kuti John Rolfe, mzungu amene anayamba kulima fodya wamalonda ku Virginia ku America mu 1612, mizu yake akuti ili m'mudzi umenewu, mtima unakana kukhala pansi.

Tchalitchi cha St Mary ndinachipeza chotsegula, mkati muli zii komanso kuzizira. Muli kachitsulo kolembedwa kokumbukira John Rolfe wamkulu yemwe anamwalira mu 1594. Mkazi wake anali Dorothy Mason, ndipo mwana wawo John anabatizidwa momwemu mu 1585, kutanthauza kuti bambo ake anamusiya asanakwane ndi zaka 10 zomwe. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, kuganizira kamwana kamasiye kameneka kuti ndi komwe kanadzakwera chombo cha Sea Venture mu 1609, chombo nkusweka pa zilumba za Bermuda, iye nkudzafika ku Jamestown, mudzi wa Angelezi ku Virginia, mu 1610.

Koma nkhani ya mtundu wake siyoongoka ayi. John wa ku Virginia anali ndi mbale wake Henry, pomwe m'kaundula wa ubatizo wa banja la ku Heacham dzina la Henry mulibe, nchifukwa chake akatswiri ena a mbiri amakayika ngati ndi munthu mmodzi yemweyo. Zinandikhudza kwambiri zimenezi, poti ife kwathu agogo akangotchula mfunda ndi mudzi wa kuchikazi basi munthu wadziwika, kuno dzina limodzi kusowa m'buku mzere wonse wagwedezeka.

Pakhoma pali chikumbutso cha Pocahontas, mkazi wa mtundu wa eni nthaka a ku Virginia amene John anakwatira mu 1614, atavala chipewa cha chizungu. Mwana wawo Thomas anabadwa mu 1615, mayiyo nkumwalirira ku Gravesend ku England mu 1617 ali wamng'ono zedi, kutali ndi kwawo.

Potuluka ndinajambula chikwangwani cha mudzi chomwe palinso nkhope yake, nkuwatumizira bambo pa WhatsApp. Usiku womwewo anandiimbira, tinacheza za nazale ndi zigafa mpaka foni kutha moto.