Zikomo nonse amene munandinyamula mpaka ndalandira digiri

Abale ndi alongo, ndalandira digiri yanga ya maphunziro a ndale ndi kayendetsedwe ka boma ku Zomba. Sukuluyi tinailowa ikutchedwa Chancellor College, taituluka ili University of Malawi, ndipo pakatipo panadutsa mliri wa Covid-19 umene unatenga munthu amene ankandilipirira fizi. Ndisanayambe kuyendayenda ndi makalata ofunsira ntchito, ndati ndithokoze pagulu, chifukwa papepalali alembapo dzina langa lokha pamene olivutikira ndi ambiri.

Ndiyambe ndi inu Amayi. Boma litatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020 ndinabwerera kwathu ku Lizulu, ndipo munandipatsa malo pambali pa milu yanu ya kachewere ndi kabichi m'mphepete mwa msewu wa M1. Kutalengezedwa m'bindikiro wa masiku 21 mu Epulo, munandiyang'ana uku mukusenda masamba ofota pa kabichi, n'kundifunsa kuti, "Iwe wophunzira za boma, tatiuza, akatitsekera m'nyumba masabata atatu kabichiyu agula ndani, nanga ife tidya chiyani?" Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi kuti m'bindikirowo uyambe, Justice Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula ku khoti, ndipo dandaulo lake linali funso lanu lomwelija: boma linali lisanakonze chowathandiza anthu odya zimene apeza tsiku lomwelo. M'kalasi tinauzidwa kuti nthambi zitatu za boma zimayang'anirana. Ine ndinazimvetsa bwino nditaona malole a ku Blantyre akuimabe pa Lizulu, inu mukuwerenga ndalama za ufa wa sabata imeneyo. Pambuyo pake boma linalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'mizinda. Ife akumudzi sitinalimo, koma simunadandaule pamaso panga. Munkangochotsapo kangachepe n'kundiuza kuti ndikagule bandulo ya intaneti. Amayi, Mulungu akusungireni moyo.

Malume anga sali nafe kuti awerenge izi. Ndi iwo amene ankagulitsa mbuzi ndi matumba a nyemba kuti pomwe ngongole ya boma yaperewera pakwanire. Anatisiya mu Januwale 2021, mwezi womwe dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Maliro a malumewo sanagonedwe. Sitinaone nkhope. Bokosi linabwera lotsekeratu, ananyamula ndi azaumoyo ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ife taimirira patali ndi mamasiki, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo tinali titachoka kale kumanda. Munthu amene sankaphonya maliro a mnansi aliyense anaikidwa ndi anthu owerengeka. Patangopita miyezi yochepa tinamva za K6.2 biliyoni ya Covid-19 imene gawo lake linathera m'maalawansi ndi m'kugula zinthu mosatsata ndondomeko, mpaka nduna ya zantchito inachotsedwa. Mpaka lero nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa ndalamazo zinali za odwala ngati malume. Azakhali, inu amene munandiuza pa maliro pomwepo kuti sukulu sindisiya, ndipo munagulitsa ng'ombe imene amuna anu anasiya, zikomo. Ndidzabwera kudzagwada pakhomo panu.

Kwa aphunzitsi athu a m'dipatimenti ya ndale, zikomo potiphunzitsa ndi zimene zinkachitika pamaso pathu. Khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, chigamulo chimene tinachimvera pa wailesi tsiku lonse, simunalole kuti tingokhalira kukamba za Tippex, yofufutira ija imene inapakidwa pa mapepala a zotsatira za chisankhocho. Munatiuza kuti tichiwerenge tokha, timvetse chifukwa chake majaji asanu aja anati wopambana azipeza mavoti opitirira theka, osati 38 peresenti imene a Peter Mutharika anapambanira nayo. M'kalasimo munali a DPP, a MCP ndi a UTM, mikangano inkatentha, koma simunatiuzepo chipani chanu. Munkangofunsa kuti umboni uli kuti. Mayi amene munayang'anira kafukufuku wanga womaliza, munkandiimbira ndi mayunitsi anu pamene foni yanga yagwira netiweki ya ku Mozambique ndipo manotsi a pa WhatsApp akukana kutseguka. Zimenezo sizinali m'ntchito yanu.

Kafukufukuyo anachokera pa chinthu chimene chinandisautsa mu 2020. Chisankho chobwereza cha pulezidenti cha pa 23 Juni chisanachitike, misonkhano yokopa anthu inkadzaza mabwalo, mbali zonse, popanda wotalikirana ndi mnzake, koma sukulu zinali zotseka. Pofika Seputembala, pamene zinayamba kutsegulidwa, atsikana ena a m'mudzi mwathu anali ndi pakati, ena atalowa m'banja. Chisankhocho chinali chofunika, ndipo inenso ndinakavota. Koma amene analipira mtengo wa kutseka sukulu anali ana osafika msinkhu wovota, ndipo m'misonkhano ija sindinamve akutchulidwa mokwanira. Ndikuthokoza mafumu, amayi a mother group ndi atsikana eni ake amene anandikhulupirira n'kundiuza zakukhosi. Mwa iwo alipo amene anabwerera m'kalasi, mwana akulera agogo.

Ahedi a pulayimale yathu amene munkandilola kutchaja laputopu pa sola ya mu ofesi, anzanga a gulu lathu lokambirana amene munkanditumizira mabuku usiku intaneti ikatsika mtengo, a kwaya amene munasonkha ya thiransipoti yobwererera ku Zomba, nonsenu zikomo kwambiri.

Ndili kunyumba mwezi uno wonse. Ana a Fomu 4 amene mukufuna kudziwa za maphunzirowa kapena kalembedwe ka mafomu a ngongole ya sukulu, mundipeza pamsika pa Amayi, bwerani ndi mafunso anu.