Zikomo kwa onse amene munatigwira dzanja kuchokera ku Tanga mpaka ku Richards Bay

Abale anga, tafika. Boti lathu lamangidwa padoko ku Richards Bay, tonse atatu tili moyo, ndipo Bambo mwini boti ayamba kudya bwino ndi kuyenda okha popanda wowagwiriza. Ambiri munamva za mavuto athu m'mauthenga odukaduka a pa WhatsApp, ena munamva kwa mayi a kunyumba akulira. Ndiye ndati ndilembe bwinobwino ndi kuthokoza poyera, chifukwa ena mwa amene anatithandiza sindidzawaonanso, ndipo alibe foni yoti ndingawaimbirepo.

Kwa amene simundidziwa, ndine mwana wa ku Nkhotakota. Ndinabwera kuno ku Joni ngati anzanga ambiri, ndipo ganyu amene ndinapeza anali wopala ndere ndi tizigoba kunsi kwa maboti n'kumapaka penti. Banja lina lachikulire limene ndinkaligwirira ntchito linali litagulitsa nyumba n'kusamukira m'boti la matanga lotalika mamita 12. Atakonza zoyenda m'mbali mwa gombe la Mozambique ndi Tanzania anafuna munthu wachitatu wokoka zingwe ndi nangula, ndipo anafunsa ine.

Bambo ndi Mayi, ndiyambe ndi inu, ndipo mawu awa ndikumasulirani madzulo ano tikamadya. Mukanatha kundisiya pa zingwe ndi kutsuka mbale basi, palibe amene akanakudzudzulani. Koma munandikhazika pa mapu apanyanja, munandiphunzitsa kuwerenga kuya kwa madzi, kuzindikira magetsi a sitima zikuluzikulu usiku, kuyankhula pa wailesi ya VHF ndi kuchepetsa thanga mphepo isanakule. Bambo, nthawi zonse munkati ndigwire chiwongolero ndekha inu muli chete pambali. Tinkadya patebulo limodzi. Pa ofesi iliyonse yoona za anthu olowa ndi kutuluka, pasipoti yanga ya Malawi inkaperekedwa pamodzi ndi zanu, ndipo mukafunsidwa kuti ameneyu ndani munkayankha kuti ndi mmodzi wa oyendetsa. Zimenezi zinandikhudza kwambiri.

Ambiri mumandifunsa kuti munthu amakhala bwanji m'boti. Malo ndi ochepa. Ine ndimagona m'kachipinda ka kutsogolo, pamodzi ndi matanga osungira, ndipo mafunde akakula ndi pamene pamadumpha kwambiri. Madzi akumwa timawasamala ngati mchere wobwereka: mbale timatsuka ndi madzi a m'nyanja n'kutsukuluza ndi kapu imodzi ya madzi abwino, ndipo mvula ikagwa aliyense amathamangira zigubu. Magetsi ndi a sola. Chitofu cha gasi chinapachikidwa mwakuti chimapendekeka chokha boti likapendekeka, koma kuvundula nsima pamenepo kumafuna kuti miyendo uyitambasule, chiuno uchitsamiritse pakabati. Ufa ndimasunga m'mabotolo apulasitiki otseka bwino kuopa chinyezi ndi anankafumbwe. Ndiwo sizinkasowa, chifukwa mbedza imene timakoka kumbuyo inkatipatsa tuna. Mchere umadya chilichonse, zipi, mawaya, mabawuti, choncho ntchito yokonza siitha. Tikakhala paulendo wautali boti siliima usiku. Timasinthana kulondera maola atatuatatu, wolondera atadzimangirira ndi lamba kuti funde lisamukokolole. Ngakhale titaponya nangula pamalo abata, munthu umadzuka pakati pa usiku kukaona ngati nangula sakukhukhuluzika.

Amalume anga kumudzi, zikomo. Munandikweza m'bwato ndili wamng'ono n'kundiphunzitsa kuyang'ana kummwera m'mawa tisanapalase, ndi kubwerera kumtunda mwera ukayamba kuyeretsa nsonga za mafunde. Maso amene munandipatsa ndi amene ndagwiritsa ntchito kunyanja yamchere. Kumeneko mphepo ndi imene imalamula kalendala: kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala kumawomba kusi wochokera kummwera, amene anatikankha popita, kenako kaskazi wochokera kumpoto amatenga malo mpaka cha mu Malichi. Chimene kwathu kulibe ndi kudzaza ndi kuphwa kwa madzi kawiri patsiku. Ku Zanzibar madzi amatha kutsika ndi mamita anayi, moti pamene waponya nangula m'mawa pakhoza kukhala mchenga wouma masana. Zimenezi ndinachita kuphunzira mwatsopano.

Popita tinaima ku Inhambane, ku Bazaruto ndi ku Ilha de Moçambique, kumene kuli linga la São Sebastião ndi katchalitchi kamene Apwitikizi anamanga mu 1522. Gombe la Cabo Delgado tinalilambalala patali chifukwa cha nkhondo imene yakhala ikuvutitsa anthu kumeneko kuyambira mu 2017, ndipo tinakalowera ku Mikindani, m'dziko la Tanzania.

Malo amene sindidzawaiwala ndi Kilwa. Alendo ambiri amapita pachilumba cha Kilwa Kisiwani kukaona mabwinja a mzikiti waukulu ndi nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa, chuma chimene chinabwera ndi golide wodzera ku Sofala. Ine mtima wanga unali ku Kilwa Kivinje, kumtunda. Mwana aliyense wa ku Nkhotakota amadziwa za Jumbe, ndi za zombo zake zimene zinkawolotsa akapolo kupita kutsidya la kummawa kwa nyanja yathu. Akatsika kumeneko ankayenda pansi miyezi, ambiri n'kufera m'njira, ndipo otsalawo ankafikira pagombe limeneli asanawakweze kupita ku Zanzibar. Ndinaima pakati pa nyumba zakugwa zija, ine wochokera kumene iwo anachokera, koma nditabwera mwa kufuna kwanga, ndipo misozi inatsika. Agogo ena amene ankasoka ukonde pafupi anandifunsa kwathu. Nditatchula Nyasa anasiya ukonde, ananditengera kunyumba kwawo, anandipatsa tiyi ndi mandazi, n'kundiuza kuti m'dera lawo muli mabanja amene makolo awo anachokera kunyanja kwathu. Agogo, dzina lanu ndalisunga mumtima. Zikomo pondilandira ngati mdzukulu wanu.

Kuchoka apo tinadzera ku Mafia, Dar es Salaam ndi Zanzibar, ndipo nyengo ya anamondwe tinakhala ku Tanga, chifukwa kumpoto kumeneko anamondwe safikako kawirikawiri. Amene munaona zimene Freddy anachita ku Quelimane, ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023 mukumvetsa chifukwa chake boti laling'ono siliyenera kupezeka pakati pa Mozambique ndi Madagascar kuyambira Novembala mpaka Epulo. Ku Tanga ndiyenera kuthokoza makaniko wina wa injini za maboti, amene ankandilola kukhala pambali pake akamagwira ntchito. Tsiku lina anandionetsa mmene ungayendetsere injini ndi dizilo wa m'chigubu, thanki ikada. Sanandilipiritse kanthu.

Mavuto anatipeza pobwerera, mu Okutobala. Malungo amabisala m'thupi sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye udzudzu umene unaluma Bambo kumtunda unadzaonetsa ntchito yake tili pakati pa nyanja, mtunda osaoneka. Anayamba ndi mutu ndi kuphwanya m'thupi, usiku n'kuyamba kunjenjemera. Ine malungo ndimawadziwa kuyambira ndili mwana, ndipo ndinapempha Mayi kuti tiwayeze msanga. Kachida koyezera kanaonetsa mizere iwiri. Mankhwala a LA tinali nawo, koma Bambo ankasanza chilichonse, ndipo mankhwala osakhazikika m'mimba sachiza. Tsiku lotsatira anayamba kuyankhula zosamveka, osamuzindikira mkazi wawo.

Nthawi yomweyo uthenga wa zanyengo unabwera wakuti mphepo yamphamvu ya kummwera ikubwera. Kudera limenelo madzi a m'nyanja amayenda kulowera kummwera, ndipo mphepo ikawomba mowatsutsa mafunde amaima chilili, aatali ndi oyandikana. Pali bambo wina wopuma pantchito amene amatumizira maboti uthenga wa zanyengo kwaulere. Iyeyo ndi amene anatiwerengera kuti tikalimbikira tikhoza kulowa ku Bazaruto mphepo isanafike, ndipo anakhala maso nafe usiku wonse, kutiyankha uthenga uliwonse. Bambo inu, nkhope yanu sindiidziwa, koma Mulungu akudziwani.

Mayi anakhala pansi ndi wodwala, akumupukuta ndi nsalu yonyowa ndi kumumwetsa madzi a shuga ndi mchere pang'onopang'ono ndi sipuni. Boti linatsala m'manja mwanga. Mphepo ya kumpoto imene inkatikankha itatha, monga imachitira ya kummwera ikayandikira, ndinaliza injini. Sinakhalitse, inazima. Kugwedezeka kwa masiku onse aja kunali kutavundula zinyalala za pansi pa thanki, ndipo sefa iliyonse imene ndinkaika inkatsekeka. Apa ndi pamene ndinakumbukira makaniko wa ku Tanga. Ndinamasula paipi ya mafuta, ndinaiviika m'chigubu cha malita 20 cha dizilo woyera, ndinamangirira chigubucho kuti chisagwe, ndinatulutsa mpweya m'mapaipi, ndipo injini inalira. Mayi anakwera masitepe n'kundigwira paphewa osanena kanthu. Mayi, kulimba mtima kwanu usiku umene uja ndi kumene kunandilimbitsa ine. Mwamuna wanu anali pakati pa moyo ndi imfa, koma munkakumbukirabe kundibweretsera tiyi ku chiwongolero.

Kulowa ku Bazaruto n'kovuta. Milu ya mchenga ya pansi pa madzi imasuntha, mapu sanena zonse, ndipo boti lathu limafuna madzi akuya pafupifupi mamita awiri. Kutacha tinaona chombo cha asodzi. Ndinawakodola ndi nsalu, anabwera. Chipwitikizi changa n'chochepa, chiyankhulo chawo sindichidziwa, koma mawu akuti malaria anawamva, ndipo mmodzi atasuzumira m'kati n'kuona Bambo, nkhani inathera pomwepo. Anapinda maukonde awo, nsomba za tsikulo n'kuzisiya. Anatitsogolera m'ngalande ya madzi akuya mpaka pamalo obisika, anandithandiza kuponya nangula, kenako ananyamula Bambo pa matiresi n'kuwaika m'chombo chawo, chimene chimadutsa pamadzi osaya pamene lathu silikanadutsa. Anawafikitsa ku Vilankulo pamodzi ndi Mayi, n'kuwasenza kuchoka m'madzi mpaka pamsewu. Mnyamata mmodzi anatsala nane m'boti, ndipo mphepo ija itafika madzulo tinali awiri kuyang'anira nangula mpaka m'mawa. Mayi atawapatsa ndalama analandira ya mafuta okha. Abale anga asodzi a ku Bazaruto, mawu awa mwina sadzakufikani, koma ndikufuna anthu akwathu adziwe zimene munachita. Ambuye abwezere pamene munachotsa, maukonde anu asamabwerere opanda kanthu.

Kwa madokotala ndi anamwino a ku Vilankulo amene analandira Bambo n'kuwabaya jakisoni wa malungo mosachedwa, zikomo. Anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Zikomonso kwa mayi wina wogulitsa pamsika amene ankabweretsa phala kuchipatala m'mawa uliwonse atamva kuti odwalawo ndi alendo opanda abale pafupi.

Bambo atapezako mphamvu anakana kukwera ndege. Anati abwerera ndi boti lawo. Banja lina la boti loyandikana nalo, limene linkadikiranso nyengo yabwino, linatithandiza kupopa thanki yonse ndi kusefa dizilo, linatipatsa masefa awo osungira, ndipo linayenda nafe moonana mtunda wonse wotsala, pafupifupi makilomita 900, tikuyankhulana pa wailesi m'mawa ndi madzulo. Bambo anagona pabenchi, ine ndi Mayi tikusinthana. Polowa padoko la Richards Bay, pakati pa sitima zikuluzikulu zodikira malasha, Bambo anati ndilowetse boti ndine, ndipo ndinalilowetsa.

Tsopano kwa inu mayi a ana anga. Munalera ana nokha nthawi yonseyi, munalima, munalipira fizi ndi ndalama zimene nthawi zina zinkachedwa chifukwa kumene tinali kunalibe netiweki. Uthenga wa matenda utakufikani simunagone, munadzutsa azimayi a mpingo n'kuyamba mapemphero. Simunandiuzepo kuti ndisiye ntchito imeneyi, ngakhale ndikudziwa kuti mtima wanu unali m'mwamba. Zikomo, mayi. Zikomo kwa abusa ndi mpingo wonse, kwa anansi athu achisilamu amene anatipemphereranso, kwa alamu anga amene anafolera denga la nyumba mvula isanayambe, ndi kwa anyamata akwathu a kuno ku Richards Bay amene munabwera padoko ndi nsima yotentha ndi nkhuku tsiku limene tinafika. Pamwamba pa onse ndithokoza Mulungu amene anatisunga.

Boti tilitulutsa m'madzi sabata yamawa kuti tilikonze kunsi ndi kutsuka thanki bwinobwino. Bambo ndi Mayi andilembetsa mayeso a satifiketi yoyendetsera boti m'mbali mwa gombe, yotchedwa Coastal Skipper, ndipo maulendo onse amene tayenda alembedwa m'buku langa ndi siginecha yawo. Ndikamaliza mayesowo ndikwera basi, Khirisimasi ndidzadyera ku Nkhotakota, ndipo amalume ndidzayambira kwa inu. Pakali pano chonde pitirizani kupempherera Bambo, chifukwa magazi awo akadali ochepa ndipo adokotala ati apume miyezi ingapo asanabwererenso panyanja.