Sabata Imene Ndinaweruza Magalimoto Akale

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yowongola ndi kupenta magalimoto pa galaja ina ku Germiston, kum'mawa kwa Johannesburg, ndipo ndakhala ndikuigwira kwa zaka zoposa 20 chichokereni kwathu ku Ntcheu. Kangapo pachaka ndimavula ovolosi n'kuvala malaya oyera, chifukwa kalabu ina ya eni magalimoto akale imandiitana kuti ndikhale mmodzi mwa oweruza pa chionetsero chake. Sabata yathayi inali imodzi mwa nthawi zimenezo, ndipo ndafuna kuifotokoza monga inayendera, poti funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri, ena ali okwiya ndithu, ndi lakuti kodi chikho chimapita kwa woyenera kapena kwa wodziwika.

Lolemba madzulo tinakumana oweruza asanu pamodzi ndi akomiti. Anthu ambiri amaganiza kuti chiweruzo chimayamba pa tsiku la chionetsero, koma zambiri zimagamulidwa pa msonkhano ngati umenewu, galimoto ngakhale imodzi isanatsukidwe. Pa zionetsero zazing'ono pali njira zitatu zopezera opambana. Pena owonerera amaponya voti, pena amavota ndi eni magalimoto okhaokha, ndipo pena oweruza amapereka mapointi motsatira pepala lolembedwa. Ife timatsata njira yachitatuyi, imene tinatengera ku mipikisano ikuluikulu monga wa ku Pebble Beach ku California, umene unayamba mu 1950. Galimoto iliyonse imayamba ndi mapointi 100, ndipo woweruza amachotsapo akapeza cholakwika. Pa pepala lathu bodi ndi penti zili ndi mapointi 30, m'kati 25, injini ndi malo ake 25, ndipo kunsi, matayala ndi buti zimagawana 20 otsalawo.

Mkangano wa usiku umenewo unali wa magulu. Bungwe la makalabu a magalimoto akale la Southern African Veteran and Vintage Association limagawa magalimoto potengera chaka chimene anapangidwa, ndipo makalabu ambiri amangotsanzira zimenezo, koma chaka pachokha sichikwanira. Chaka chatha tinaika m'gulu limodzi galimoto imene inabwera itakwezedwa pa thirela, matayala ake asanapondepo fumbi chiikonzereni, pamodzi ndi ina imene mwini wake amaperekera ana kusukulu m'mawa uliwonse. Ngakhale woweruza atakhala wolungama chotani, wachiwiriyu waluza kale asanafike pa geti. Ndinapempha kuti tisiyanitse magalimoto osakonzedwapo, okonzedwanso kuti abwerere mwakale, ndi osinthidwa mwadala. Msungichuma anakana ponena kuti zikho zichuluka ndipo ndalama palibe. Titakokanakokana mpaka cha m'ma 9 koloko, tinagwirizana zowonjezera gulu limodzi lokha, la magalimoto obwera akuyendetsedwa ndipo akadali ndi penti ya ku fakitale, ndipo la osinthidwa linakhala monga linalili.

Tisanabalalike anatipatsa mndandanda wa olembetsa, ndipo ndinaonapo Ford Cortina XR6 imene ndinaipenta ndi manja anga chaka chatha. Ndinaulula pomwepo, ndipo anandichotsa m'gulu limenelo. Mnzanga wina amene amagulitsa masipeyala ananena kuti iye akatero ndiye kuti sangaweruze galimoto iliyonse, chifukwa pafupifupi onse olembetsa anagulapo kanthu kwa iye. Mawu akewo ndi oona, poti anthu okonda magalimoto akale m'dera limodzi ndi ochepa ndipo onse amadziwana, mwakuti kudziwanako sikungatheke kukuthetsa. Chimene tinakhoza ndi kuika malire akuti amene anagwirapo ntchito pa galimoto, kapena ali pachibale ndi mwini wake, asaiyandikire ndi pepala.

Lachiwiri ndi Lachitatu, nditaweruka ku galaja, ndinakhalira kuwerenga. Anandipatsa magalimoto opangidwa muno mu South Africa m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa 1990, ndipo amenewa amapusitsa woweruza wosakonzeka. Citi Golf, mwachitsanzo, inapangidwa ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, maonekedwe ake akunja osasintha kwenikweni, kotero kuti zipangizo zambiri za galimoto ya zaka zomalizira zimalowa bwinobwino pa ya zaka zoyambirira. Zoyambirirazo zinatuluka zofiira, zachikasu ndi zabuluu, ndipo dashibodi yake inadzasinthidwa mu 2004. Woweruza amene sadziwa zimenezi akhoza kupereka mapointi onse pa dashibodi yatsopano yowala bwino, n'kulanga mnzake amene anasunga yakale yoyenera ngakhale ili yozilala ndi dzuwa. Chimodzimodzinso ndi pikapu ya Nissan 1400, imene kuno amati bakkie, yomwe inapitirira kupangidwa mpaka 2008. Ndinatulutsa timabuku takale totsatsira malonda ndi zithunzi zimene ndakhala ndikusunga, n'kulemba pa kakhadi zinthu zoyenera kuyang'ana pa chaka chilichonse. Ndikukhulupirira kuti zolakwa zambiri zimene anthu amazitcha kukondera zimachokera pa umbuli wa woweruza, ndipo mwini galimoto amene wachotseredwa mapointi pa chinthu cholondola amamva kuwawa kofanana, kaya wamulakwira ndi wachinyengo kapena wosadziwa.

Lachinayi masana kunabwera mnyamata wina wa kwathu amene amagwira ntchito yoyendetsa mathiraki, ndipo ali ndi Citi Golf ya 1986 imene wakhala akuikonza kwa zaka zitatu ndi ndalama zotapa pa malipiro ake. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kuima pambali mpaka nditamaliza kupopera penti pa chitseko chimene ndinali nacho, kenako anati, "Achimwene, ndamva kuti Loweruka muli pa gulu lathu. Ife kuno tilibe wina wotiyang'anira koma inu, ndiye musatiiwale." Ndinamuyankha kuti, "Mng'ono wanga, galimoto yako ndidzaiyang'ana ndi maso omwewo amene ndidzayang'anire ya mzungu ndi ya Mzulu. Ndikakuwonjezera pointi imodzi, anthu adzati Amalawi amakonderana, ndipo tsiku limene udzapambane moyenera palibe adzakhulupirire." Anapempha kuti ndingoiona tsiku lomwelo n'kumuuza zoti akonze, koma ndinakananso, chifukwa enawo sanapatsidwe mwayi wotere. Anachoka nkhope itagwa, ndipo usiku umenewo mtima unandiwawa, poti ndikudziwa mmene munthu wakutali ndi kwawo amadalira mnzake wolankhula chinenero chake. M'mawa mwake ndinauza wapampando za kubwera kwakeko, ndipo anagamula kuti ndiweruzebe koma woweruza mnzanga ndiye alembe pepala la galimoto imeneyo.

Lachisanu madzulo tinachita chinthu chimene makalabu ambiri amachinyalanyaza. Tinaimika galimoto imodzi imene sinali pa mpikisano, ndipo aliyense wa ife asanu anaiweruza payekha osalankhula ndi mnzake. Wotsikitsa anaipatsa 78, wokweza anaipatsa 91. Kusiyana kwa mapointi 13 pa galimoto imodzi n'kokwanira kuchotsa munthu pa nambala yoyamba n'kumuika pa nambala yachisanu, popanda wina aliyense kuchita chinyengo. Ine monga wopenta ndinalanga kwambiri penti yokhala ndi timabampu ngati khungu la lalanje, pamene makaniko amene tinali naye sanaione n'komwe koma anachotsa mapointi ambiri chifukwa cha mapaipi a mafuta olakwika. Tinakhala pansi n'kugwirizana mlingo umodzi, wakuti kukalika kwakung'ono ndi theka la pointi, chipangizo cha chaka china ndi mapointi awiri, dzimbiri loboola ndi atatu, ndiponso kuti galimoto iliyonse iweruzidwe ndi anthu awiri.

Loweruka ndinafika pa bwalo 6 koloko m'mawa, eni magalimoto ali kalikiliki ndi nsalu ndi polishi. Gulu lathu linali ndi magalimoto 14, ndipo iliyonse tinaipatsa mphindi 10. Lamulo ndi lakuti woweruza sagwira galimoto. Mwini wake ndiye amatsegula zitseko, boneti ndi buti, amaliza injini, n'kuyatsa magetsi, mawaipa ndi hutala ife tikuona. Ndimanyamula tochi, kagalasi kokhala ndi chogwirira kounikira kunsi, ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti, kamene ndimakaika pokhapokha mwini wake atavomera. Penti ya ku fakitale imakhala yopyapyala ndiponso yofanana bodi yonse, ndipo pamene anamatapo fila, phala lija lobisira malo opindika kapena oboweka, nambala imakwera kangapo nthawi imodzi, ngakhale pamwamba pakuwala ngati madzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mphindi 10 sizipatsa munthu mpata wokwanira wodekha. Ndaonanso pa zaka zonsezi kuti magalimoto oyambirira timawaweruza mouma mtima chifukwa maso akadali akuthwa, pamene omalizira amapeza woweruza atatopa, ndiponso kuti galimoto yakuda imaulula chilema chilichonse dzuwa likakwera pamene yoyera imabisa. N'chifukwa chake titamaliza tinabwerera kwa atatu apamwamba n'kuwayang'ananso motsatizana pa kuwala kumodzi.

Chovuta chachikulu cha tsikulo chinali BMW ina imene inalembetsedwa kuti ndi 325iS, ija anthu a kuno amaitcha Gusheshe ndipo amaikonda kwambiri m'malokeshoni. Galimoto imeneyi inapangidwa ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, yochepa chabe, ndi injini ya malita 2.7, n'cholinga choti ikaloledwe pa mipikisano yothamanga, ndipo lero mtengo wake ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi 325i wamba. Imene inali patsogolo pathuyi inali yokongola kuposa zonse pa bwalopo, koma nambala ya chasisi ndi zizindikiro za pa injini zinasonyeza kuti inabadwa ili 325i, ndipo mabampala, mipando ndi chizindikiro cha kumbuyo anachita kuikapo. Tinamuitanira pambali mwini wake kuti anthu asamve. Mmene nkhope yake inasinthira, ndinazindikira kuti iyenso anaigula osadziwa zimenezi. Tinaisamutsira ku gulu la magalimoto osinthidwa, kumene inakatenga malo achiwiri, koma bamboyo sanadikire n'komwe kuti alandire mphoto yake.

M'gulu latsopano lija munapambana Nissan 1400 ya bambo wina wachikulire amene anaigula yatsopano ndipo sanaipentepo chiigulireni. Penti ya pa denga inali itayamba kutha, mpando wa dalaivala unali wophwa pang'ono, koma bawuti iliyonse inali pamalo pake, kabuku ka sevisi kanali kodzaza ndi zidindo, ndipo jeke ndi sipanala zake zoyambirira zinali kuseri kwa mpando. Pa malamulo a chaka chatha pikapu imeneyi sikanafika ngakhale pakati pa mndandanda. Atalandira chikho anachigwira ndi manja awiri osalankhula kanthu kwa kanthawi ndithu. Mnyamata wa kwathu uja anapeza mapointi 84 n'kukhala wachinayi. Penti yake inali yabwino koposa, koma dashibodi ndi chiwongolero zinali za galimoto ya zaka za pambuyo pa 2004. Chikho cha voti ya owonerera chinapita kwa munthu wa kalabu imene inabwera ndi anthu ochuluka kuposa ena onse, ndipo cha wothandiza ndi ndalama chinapita kumene iye anafuna. Zikho ziwirizi sindizida, koma ndimadandaula kuti wolengeza amazitchula pamodzi ndi zathu ngati zonse zapezeka m'njira imodzi, ndipo anthu amapita kwawo akuganiza kuti oweruza ndiwo asankha mnzawo.

Kwa ofunsa ngati chiweruzo chili cholungama, yankho langa ndi lakuti pa bwalo lathu Loweruka lija panalibe amene anagula chikho, koma chilungamo chake chinali choperewera. Munthu wa ndalama amene amapereka galimoto kwa akatswiri n'kukailandira itatha amakhalabe patsogolo pa amene amaikonza yekha pakhomo Lamlungu lililonse, chifukwa pepala lathu limayeza galimoto monga yaimira, ndipo mulibe mzere woyezera thukuta la mwini wake. Chimene ndimalimbikira ndi chakuti malamulo alengezedwe anthu asanalembetse, ndiponso kuti mwini galimoto aliyense alandire pepala lake, kuti aone pamene wataya mapointi ndi chifukwa chake. Akomiti ena amaopa kuti kutero kubweretsa mikangano, ndipo n'zoona kuti ibwera, koma munthu amene akutsutsa mzere wolembedwa tikhoza kumuyankha, ndipo ngati talakwitsa ife akhoza kutigwira.

Lamlungu ndinathera m'mawa wonse ndikujambula mapepala 14 aja ndi foni n'kutumiza kwa eni ake, wapampando atavomera monyinyirika. Mmodzi anandiimbira kunena kuti ndinamuchotsera mapointi awiri pa malimu amene galimoto yake inatuluka nawo ku fakitale, ndipo anatumiza chithunzi cha risiti yoyambirira. Nditayang'ananso m'timabuku tanga ndinapeza kuti akunena zoona. Mapointi awiriwo sakanasintha malo ake, komabe ndinamupepesa ndipo ndinalembera akomiti kuti akonze m'kaundula. Cha kumadzulo kunabwera uthenga wa mnyamata wa Citi Golf uja, wofunsa ngati ndikudziwa kumene angapeze dashibodi ya 1986 yosang'ambika. Ndinamuuza kuti abwere ku galaja Loweruka likudzali ndi pepala lakelo, tidzaliwerenge limodzi mzere ndi mzere, kenako tidzazungulire kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa.