Kamtengo ka amayi kachita maluwa, zikomo nonse

Abale anga lero ndabwera kudzathokoza. Kamtengo ka dogwood kaja ndinkakudandaulirani kachita maluwa sabata ino, asanu ndi awiri okha koma ine misozi mbwee ngati mwana.

Amene nkhaniyi simukuidziwa, ndinakadzala mu Epulo 2022 kuseri kwa nyumba kuno ku Reading, ku UK, pokumbukira amayi, poti kumaliro kwawo sindinapite nthawi ya covid ija. Ndi mtundu uja amati Cornus kousa, kwawo ndi ku Japan, Korea ndi China. Ndiye chaka chomwecho kunabwera kutentha koopsa kuja, pa 19 Julaye mpaka kupyola madigiri 40 koyamba mu UK muno, masamba anayamba kupsa m'mphepete nkumapindika, ine ndi mantha basi kuthirira m'mawa ndi madzulo, mpaka ndinathirako feteleza ngati ndikubereketsa chimanga eti. Osadziwa kuti ndikukapha ndekha.

Oyamba kuwathokoza ndi agogo apa neba. Anthu okalamba, mawondo ovuta, koma anagwada nkuyamba kufukula patsinde ndi zala. Anandionetsa kuti ndinakwirira kwambiri, paja tsinde limatambasukira kukhala mizu panali pansi penipeni, dothi lakenso ladongo lili nyowee ngati phala. Akuti mizu ya dogwood imayenda pamwamba pomwe, imafuna chinyontho koma ikamira m'madzi imaola. Kenako anakanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo, mkati mobiriwira, ati kali moyo aka, kasiyeni kapume. Tinachotsa dothi lowonjezeralo tsiku lomwelo.

Achimwene ku Dedza, inu munandiseka pa WhatsApp mpaka kutsokomola, ati achemwali mbande yodwala saidyetsa feteleza, phimbirani basi. Ndinakwiya, ndivomere, koma munanena zoona. Ndinayala makungwa ophwanyaphwanya mozungulira, osagunda tsinde, nkumathirira kamodzi kapena kawiri pa sabata koma mokwanira, ndikayamba ndapisa chala m'dothi kuti ndimve ngati lauma.

Ana anga inunso zikomo. Mu Ogasiti atatiletsa kuthirira ndi paipi munkasunga madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba mu ndowa, ndipo wamng'onoyu ndi amene anakoleka chitenje changa pa mipando iwiri kuti dzuwa lamasana lisakawombe. Chitenjecho chinasuluka koma palibe kanthu.

2023 kanangotulutsa masamba ochepa, nthambi ziwiri zouma ndinadula. Chaka chinacho chimodzimodzi, ndinkangoti bola kali moyo. Ndiye lero agogo aja akundiuza kuti zoyera zinayi za pa duwa lililonse ndikuzitcha maluwazi ndi masamba chabe, duwa lenileni ndi kabulungira kobiriwira kali pakatipo. Kaya, ine ndajambula kale ndatumiza kumudzi, azakhali akufunsa ngati kamabereka zodyedwa.