Mabotolo anayi a madzi a ku Chiweta

Mayi anga ku Chilomoni atandiona ndikulongedza mabotolo opanda kanthu, anandifunsa kuti, "Iwe, sukulu yonseyi mapeto ake n'kutunga madzi?" Ndinati inde amayi, koma ndi madzi otentha ochokera pansi pa nthaka, ndipo ali ndi zambiri zotiuza.

Chinandikokera ku ntchitoyi ndi mdima wa 2022. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January, mamegawati pafupifupi 130 anachoka, tinkawerenga ndi tochi ya pafoni. Magetsi athu ambiri amadalira Shire, pamene anzathu ku Olkaria, ku Kenya, akhala akupanga magetsi ndi nthunzi ya pansi kuyambira 1981. Nafenso tili m'chigwa cha Rift Valley, akasupe otentha tili nawo. Choncho pa kafukufuku wa chaka chomaliza ndinasankha kasupe wotentha wa ku Chiweta, ku Rumphi, kuti ndidziwe mmene pansi pake patenthera.

Ntchito imayambira mu labu konkuno ku Blantyre. Mabotolo a pulasitiki mumawaviika mu asidi wothira madzi, kuwatsukuluza ndi madzi a distilled (madzi oyeretsedwa, opanda mchere uliwonse), n'kuwalemba manambala. Makina oyezera pH, muyezo wa asidi m'madzi, muwayese musananyamuke. Tengani kalata ya kusukulu, ndipo mukafika yambani mwaonekera kwa amfumu. Kasupe ali ndi eni ake.

Ndinakwera basi ku Wenela, kudutsa Lilongwe ndi Mzuzu, mpaka kutsetsereka mapiri a Chiweta nyanja ikuonekera kumunsi. Kasupe umamumva m'mphuno usanamuone, fungo ngati la dzira lovunda. Madzi ake amafika pafupifupi madigiri 80, chala sungaviike.

Apa ndiye pagona nkhani. Kutentha, pH ndi conductivity (mmene madzi amadutsitsira magetsi) muyezeretu pomwepo, pamalo pamene madzi akutumphukira, chifukwa akangozizira n'kutaya mpweya, manambala asintha kale. Kenako mabotolo anayi. Loyamba, madzi osefa ndi sefa ya 0.45 micron, n'kudonthezamo nitric acid kuti sodium, potassium ndi calcium zisamatirire m'botolo kapena kudikha pansi. Lachiwiri losefa koma lopanda asidi, la chloride ndi sulphate. Lachitatu la ma isotope, amene amathandiza kudziwa kumene madziwo anachokera, lodzaza thoo, osasiya ngakhale kathovu. Lachinayi ndi la silica, imene madzi amasungunula m'miyala, ndipo limeneli linandiphunzitsa mowawa.

Ulendo woyamba sindinathire madzi a distilled m'botolo la silica. Madzi otentha akamazizira, silica yochuluka imatha kugwirana, makina n'kuwerenga yochepa. Nditabwerera ku labu, manambala a silica ankasonyeza kuti pansipo sipotentha kwenikweni, pamene a sodium ndi potassium ankanena zina. Aphunzitsi anga anangofunsa funso limodzi: "Munathiramo distilled?" Ndinangoti kukamwa yasaa. Ndalama ya basi yachiwiri ndinachita kubwereka kwa amalume. Ulendo uno ndinathira gawo limodzi la madzi a kasupe m'magawo asanu ndi anayi a distilled, pomwepo, madzi akadali otentha.

Zotsatira zikatuluka musathamangire kulemba. Yambani mwawerengera ngati ma ion a positive (monga sodium) ndi a negative (monga chloride) akufanana mphamvu. Akasiyana kupitirira 5 peresenti, penapake palakwika. Zikakhala bwino m'pamene mumagwiritsa ntchito ma geothermometer, masamu owerengera kutentha kwa pansi kuchokera pa zimene zili m'madzi. Madzi akakhalitsa pakati pa miyala yotentha amasungunula silica molingana ndi kutenthako, ndiye kabotolo kamodzi kamakuuzani za malo akuya amene palibe anabowolapo. Tsiku limene manambala anga anagwirizana, mtima unakhala pansi.

Luso lomweli ndi limene amalondera nalo mapiri ophulika. Ku Goma amayeza mpweya wa phiri la Nyiragongo, lomwe linaphulika mu 2021. Ku Nyanja ya Nyos, yomwe ili pakamwa pa phiri lophulika ku Cameroon, mpweya wa carbon dioxide unapha anthu oposa 1,700 mu 1986. Ndipo phiri lophulika la Rungwe lili pafupi, kungowoloka Songwe kulowa Tanzania.

Pano ndapereka kalata yopempha kukaphunzira ntchito ku Geological Survey ku Zomba. Maso anga ali pa maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi a GRÓ GTP ku Iceland, ophunzitsa za mphamvu ya kutentha kwa pansi pa nthaka, koma kumeneko amatenga munthu amene ali kale pantchito, wotumidwa ndi bungwe lake. Mayi anga funso lawo linasintha. Dzulo magetsi atathima anandifunsa kuti, "Nanga madzi ako aja ayatsa liti babu?"