Tinalipira madola kukagona m'nyumba yofolera ndi makuti ku Chumbe

Abale ndakhala ndikulonjeza kuti ndilemba za ulendo wathu wa ku Zanzibar uja, womwe tinakagona pa kachilumba ka Chumbe, lero ndiye ndapeza mpata poti magetsi athima kuntchito palibe chochita, ndikulemba pa foni ndiye zilembo zina zikathawa mundikhululukire.

Nkhani yonse inayambira ku banki m'khonde. Ine ndi abambo akunyumba tinakwanitsa zaka 10 tili pabanja koma chikwatiranireni sitinayendepo awiriwiri, ulendo wathu umakhala wa kumaliro, kuchinkhoswe kapena kukasiya ana kwa agogo awo ku Salima basi. Ndiye titagawana masheya ndinawauza kuti ndalama iyi siikugula simenti, siikugula feteleza, tikaidyera kunyanja ya mchere. Anandiyang'ana ngati mutu wanga wasokonekera koma anavomera. Kupeza madola kokhako inali ntchito payokha, amene mumayenda mukudziwa zomwe ndikunena, sindikhalitsapo pamenepo.

Tinakwera basi ku Lilongwe, kudutsa Mzuzu, Karonga, kudinditsa mapasipoti pa Songwe (a Malawi sitifunika viza ku Tanzania), kenako Mbeya, Iringa, Morogoro mpaka Dar es Salaam, tsiku lathunthu ndi kapamwamba uli pampando, mapazi kufufuma ngati mandasi. Chotonthoza nchakuti pa Mikumi msewu umadutsa mkati mwa paki ndiye mbidzi ndi nyamalikiti tinaziona pawindo ulere. Ku Dar padoko anyamata okuthamangira kuti akunyamulire chikwama ndi ankhaninkhani, inu gwirani katundu wanu mukagule tikiti pa ofesi yeniyeni. Boti lalikulu limatenga maola awiri kukafika Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, ndipo pasipoti amaionanso ngakhale dziko ndi lomwelo.

Ku Stone Town tinagona usiku umodzi. Tinakalowa mu tchalitchi cha Anglican chomwe chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, msikawo unatsekedwa mu 1873, ndipo ukakumbukira zija tinkaphunzira za a Jumbe ku Nkhotakota ndi anthu athu omwe ankawolotsedwa nyanja kupita nawo kugombe, umangokhala duu. Ine ndinatuluka msanga.

Tsopano mverani manyazi anga. Bambo wa pa gesiti hausi pomwe tinagona anatiuza kuti boti la ku Chumbe limanyamuka "saa nne asubuhi". Ine ndi Chiswahili changa cha pa Songwe ndikudziwa kuti nne ndi zinayi, ndiye 3 koloko m'bandakucha ndawadzutsa abambo, tasamba, tavala, tili pakhomo ndi zikwama kuli mdima bii. Mlonda anatiseka mpaka kukhala pansi. Kumeneko maola amawerenga kuyambira dzuwa likatuluka, 7 koloko ndi saa moja, ndiye saa nne ndi 10 koloko m'mawa. Abambo sanayankhule kanthu, anangovula nsapato nkukagonanso, koma mpaka lero ndikachedwa kuphika amati "mayi, ikwana saa nne tisanadye?" kkkk.

Chumbe ndi kachilumba kakang'ono, m'litali kungopitirira kilomita imodzi, kali pafupifupi makilomita 12 kumwera chakumadzulo kwa Stone Town. Kaboti ka injini kamanyamukira ku Mbweni ndipo mumayenda mphindi ngati 45. Doko kulibe, umapinda chitenje nkulowa m'madzi, nsapato kumanja. Pachilumba ponse pali nyumba zogona alendo 7 zokha, ndiye palibe zolimbirana mipando kapena nyimbo zaphokoso, palibenso wokutsatira ndi zibangili zogulitsa. Zoti olo inkulusivu zija kunoko zikutanthauza kuti boti, chakudya katatu patsiku, tiyi, zakumwa zoziziritsa kukhosi, zida zosambira ndi anthu okuperekezani zonse zili mumtengo womwewo, mowa wokha ndiye umalipira padera, apa nkhope ya abambo inagwa pang'ono.

Atatilowetsa m'nyumba yathu ndinayamba ndaseka kaye. Denga la makuti, awa masamba a kokonati, mitengo yomanga ndi zingwe, chitseko chokiya palibe, eyakoni palibe, TV palibe. Ndinawanong'oneza abambo kuti inu, nyumba ya agogo ku Salima ija siyomweyi, ndiye ife tadya masheya a chaka chonse kudzaona zimenezi? Kenako mnyamata wotilandira anayamba kulongosola ndipo kuseka kwanga kunayamba kuchepa. Pachilumbapo palibe chitsime, palibe mtsinje, pansi ponse ndi mwala wa makorali akalekale (makorali ndi matanthwe aja a pansi pa nyanja ya mchere) woboolekabooleka ndiye mvula ikagwa imangolowa nkusowa. Denga lalikulu lija analipinda dala kuti lizikolola mvula, madzi amatsetsereka, amasefedwa, nkukalowa mu thanki yomwe ili pansi pa nyumba yomweyo, pansi pomwe mwapondapo. Amawapopa ndi manja kukweza m'mwamba, dzuwa limawatenthetsa, ndiye shawa yanu yotentha ndi imeneyo. Madzi omwe mwasambawo sathamangira kunyanja, amadutsa m'kadimba ka zomera zomwe zimamwa zonyansazo. Magetsi ndi a sola. Chipinda chogona chili m'mwamba ndipo khoma loyang'ana kunyanja limatsika ndi chingwe, ukalitsitsa umagona mu neti ukuona nyenyezi, mphepo ikungolowa, ine amene ndimadandaula kutentha ngakhale mu Juni ndinafunda.

Koma chimbudzi abale, tiyeni tikambe za chimbudzi. Nditamva kuti sichogejemula mtima unangoti phwii, ndinakulira pa chimbudzi chokumba ine, ndikudziwa fungo lake mu Okutobala, ndikudziwa ntchentche zobiriwira zija ndi mphemvu zotuluka usiku. Ndinatsegula chivundikiro nditagwira mpweya. Palibe. Ndinanunkhiza dala kachiwiri ngati wamisala, palibe fungo ndithu. Mpando ndi wabwinobwino wokhalapo, pambali pali kadengu ka manyowa ouma ndi kachipande, ukatha umathiramo pang'ono nkutseka, paipi yopita kudenga imakoka mpweya wonse, zam'katimo zimauma nkusanduka manyowa. Madzi sutaya ngakhale kapu imodzi, ndipo chifukwa chake nchomveka, mwala wa pansi uja ndi wobooka ndiye akanakumba dzenje zonse zikanatsikira kunyanja nkukapha makorali omwe anthu akubwerera. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa yofunikira, ndikuganiza kuti zipangizo zonsezi kwathu zilipo, udzu ulipo, dzuwa ndiye losasowa, mvula timaiyang'ana ikugumula zikupa nkumapita, kusiyana kwake nkwakuti apa munthu anakhala pansi nkuwerengera kuti dontho lililonse lilowera kuti. Abambo anagogoda kufunsa ngati ndili bwino.

Malowa anawayambitsa ndi mayi wina wa ku Germany, Sibylle Riedmiller, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1994 boma la Zanzibar linalengeza kuti matanthwe a makorali a kumadzulo kwa chilumbachi ndi otetezedwa, kuwedza ayi, kuponya nangula ayi. Ndalama zomwe alendofe timalipira ndi zomwe zimayendetsa ulonda wa malowa komanso kubweretsa ana asukulu a ku Zanzibar kudzaphunzira ulere. Tsiku lachiwiri tinakumana nalo gulu lotero, atsikana atavala mahijabu awo akulowa m'madzi atagwirira chitayala choyandama, kukuwa ndi kuseka, ena aka kanali koyamba kuviika nkhope m'nyanja chikhalirecho anabadwira pachilumba cha Zanzibar. Ndinadziona ndekha, mwana wa ku Salima wosadziwa kusambira chifukwa amayi ankati kunyanja kuli ng'ona.

Ndiye nanenso ndinagwira chitayala chomwecho, musandiseke. Anandiveka jekete yoyandamitsa, magalasi ndi kapaipi kopumira, poyamba ndinamwa madzi ndipo mchere wake si wamasewera, umawawa kukhosi mpaka m'mphuno, ife tinazolowera nyanja yathu yomwe ukamwa umangoti zikomo. Nditazolowera kupuma ndi pakamwa nkuyang'ana pansi, eee. Ndinaonapo mbuna ku Cape Maclear ndipo ndimanyadira, koma apa pansi penipenipo ndi pamoyo, zina ngati nyanga za mbawala, zina ngati ubongo, zina ngati bowa wamkulu kuposa tebulo, nsomba zachikasu, zabuluu, zamizeremizere zikungolowa nkutuluka osakuopa nkomwe. Pamenepa pali mitundu ya makorali yopitirira 200 ndi ya nsomba yopitirira 400. Ine ndinkayesa makorali ndi miyala chabe, kani ndi tizilombo ting'onoting'ono tomwe timamanga mwalawo pang'onopang'ono zaka ndi zaka, ukapondapo wapha, nchifukwa chake amakuuzani mobwerezabwereza kuti mapazi m'mwamba, osagwira kanthu. Kamba wam'nyanja anadutsa pansi panga mosatekeseka ngati mfumu ikupita kubwalo, ine kufuna kukuwa nkumwanso madzi ena.

Amene ankakoka chitayala changa anali bambo wachikulire ndithu, anatiuza kuti kale anali msodzi, ndipo ambiri mwa alonda oyamba a pamenepa anatengedwa m'midzi ya asodzi. Tinkamvana Chiswahili chosakaniza ndi manja, poti mawu ambiri ngofanana, nyumba, moto, nyama, mbuzi, mvua, maji, atamva kuti ndife a ku Malawi anangoti "aa Wanyasa" nkutigwira chanza kachiwiri. Anati poyamba anzake ankamuona ngati wowagulitsa powathamangitsa pamalo pomwe pali nsomba, koma nsomba zikaswana mkatimo sizidziwa malire, zimatulukira konko komwe kuli maukonde awo. Ine ndinati bambo, zimenezo kwathu tikuzidziwa, ku Salima kuli chilumba cha Mbenji komwe a mfumu Makanjira amatseka usodzi nyengo ya mvula chaka ndi chaka kuyambira kalekale, mowa ndi chamba nzoletsedwa, akatsegula utaka umachita kusefukira m'mabwato. Anakondwa kwambiri, anafunsa kuti amalondera ndi asilikali? Ndinati ayi, mawu a mfumu basi ndi anthu ake. Anapukusa mutu nkunena mashallah.

China chomwe chinandizunguza mutu ndi kuphwa kwa nyanja. Tadya nkhomaliro madzi ali pafupi ndi masitepe, tagona pang'ono, podzuka nyanja yathawa, kaboti kali pamchenga ngati kataidwa, ine kuthamanga kukawadzutsa abambo kuti kwachitika zoopsa. Zimachitika kawiri patsiku, mwezi ndi umene umakoka. Madzi akaphwa mumayenda m'mphepete ndi wokuperekezani kuona tam'maenje totsalira, nkhanu, tinsomba, ndi tina taminga takuda tomwe mukaponda ulendo wathera pomwepo, ndiye nsapato zolowa nazo m'madzi musaiwale, ine ndinatenga masilipasi a pa msika ndipo limodzi linaduka tsiku loyamba lomwe.

Usiku titadya anatitenga ndi matochi kulowa m'nkhalango kukaona nkhanu za kokonati. Abale chinthu chija si nkhanu, ndi chilombo. Ndi nkhanu yaikulu kuposa zonse zokhala pamtunda, imatha kufika makilo 4, imakwera mitengo ndipo imaswa kokonati ndi zala zakezo. Ina inali pa tsinde la mtengo usinkhu wa mutu wanga, yofiirira mopita kubuluu, ikusuntha mwendo umodzi umodzi mwaulesi, phokoso lake khwe khwe pa khungwa. Abambo, omwe kunyumba amadzitcha opha njoka, anali kumbuyo kwanga atandigwira phewa ati akunditeteza. Kuli timagwape tosowa kwambiri totchedwa Aders' duiker koma ndi tamanyazi, sitinationeko. Nsanja ya nyali yolondolera zombo yomwe anamanga mu 1904 tinakwera m'mawa mwake, masitepe opitirira 130, ndinapuma katatu, pamwamba ukuona Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, uko ndi majahazi, mabwato a matanga, akudutsa. Pansi pake pali kamzikiti kakale komwe ogwira ntchito amapempheramo mpaka pano.

Zakudya ndisaname, tinadya. Mpunga wophika ndi tuwi la kokonati, pilau wonunkhira, chapati, nsomba zomwe amakagula kunja poti pamenepo sawedza, masamba othira kokonati, maembe ndi mananazi, tiyi wa tangawizi, ndi pweza, chija cha miyendo 8, chomwe ndinalumbira kuti sindilawa koma ndinawonjezera kawiri. Madzulo amayala matebulo panja ndi nyali, mapazi ali mumchenga. Tsiku lachitatu abambo anayamba kuyang'ana m'mbale mwachisoni ndipo ndinadziwa kuti ndi nsima, tinakaipeza ku Dar pobwerera, ugali wawo wa mgaiwa wolimba ngati njerwa koma anadya ngati achoka kundende.

Ndi kodula, ndisakunamizeni, masiku awiri ndi theka anadya zomwe tikanakhala nazo sabata yathunthu ku Mangochi, ndipo ngati mumafuna dziwe losambira, disiko ndi firiji m'chipinda musavutike kupitako, mukakhumudwa ulere. Amalandiranso ongopita m'mawa nkubwerera madzulo pamtengo wotsikirapo koma muyenera kubukitsa msanga poti malo ndi ochepa, kungoti nkhanu zija simuziona.

Titapita ku Salima kukatenga ana ndinawaonetsa amayi zithunzi. Nsomba sanazilabadire, kamba anangoti ehe, atafika pa nyumba anaibweretsa foni pafupi ndi maso nkufunsa kuti "ndiye iwe wakwera basi masiku awiri kukagona m'chisakasa?" Ndinawalongosolera za thanki ya pansi ndi chimbudzi chosanunkha, anakhala chete, kenako anandibwezera foni nkunena kuti ndiwatumizire achimwene chithunzi cha paipi ya kudenga ija pa WhatsApp, chimbudzi chawo chatsala pang'ono kudzadza ndipo akumba china mvula ikatha.