Ngongole ya kholo kwa mwana: pomwe ma-libertarian amagawanikira

Ma-libertarian amaima pa mfundo ziwiri: munthu aliyense ndi mwini wa thupi lake, ndipo palibe wololedwa kuyamba kugwiritsa ntchito mphamvu pa mnzake. Boma likhoza kukuletsa kupha ndi kuba, koma lisakukakamize kuchitira munthu chifundo. Pakati pa akuluakulu awiri ochita malonda, mfundozi zimayenda bwino. Zikafika pa mayi woyembekezera ndi khanda losatha kudzidyetsa, eni ake omwe samvana.

Murray Rothbard, katswiri wa zachuma wa ku United States, m'buku lake la 1982 lotchedwa The Ethics of Liberty, anaitsata mfundo mpaka komwe inamufikitsa. Anati mwana wosabadwa amene mayi sakumufuna ndi wolowerera m'thupi la mwini, choncho mayi ali ndi ufulu wochotsa mimbayo. Mwana akabadwa, kholo lisamuvulaze kapena kumupha, koma lamulo lisalikakamize kumudyetsa, kumuveka ngakhale kumuphunzitsa. Anavomera poyera kuti kholo lotere likhoza kumusiya mwana afe ndi njala osazengedwa mlandu. Mankhwala ake anali msika: ufulu wolera uzigulitsidwa kwa ofuna ana. Mwana naye amakhala wodziimira tsiku lomwe wachoka pakhomo mwa kufuna kwake, ndipo Rothbard sanaike malire a zaka. Mfundo ikakufikitsa pamenepa, bwerera ukaone pomwe inakhota.

Doris Gordon, yemwe anayambitsa bungwe la ma-libertarian otsutsa kuchotsa mimba la Libertarians for Life mu 1976, analoza pokhotapo. Mayiyu sankakhulupirira Mulungu, choncho sanatsamire pa chipembedzo. Anati udindo umachokera pa zomwe wachita. Ukamukankhira munthu mumtsinje, kumuvuula si chifundo ayi, ndi ngongole. Bambo ndi mayi ndi amene anachititsa kuti mwana akhalepo ali wosatha kudzithandiza, ndiye kumumana chakudya kapena kumuchotsa m'mimba n'kumulakwira. Ine ndikuona kuti apa ndi pomwe pali maziko olimba, chifukwa ngongoleyi imagwiranso bambo, amene pa mikangano yambiri satchulidwa n'komwe.

Komabe pali ming'alu itatu. Mayi wogwiriridwa sanasankhe kanthu, ndiye mfundo ya "unachititsa ndiwe" simugwira, pamene mwanayo sasiyana ndi wina aliyense. Chachiwiri, wokankhidwa uja anali bwinobwino pamtunda asanagwe, koma mwana kunalibe, kotero n'kovuta kunena kuti anamulanda chiyani. Chachitatu ndi kukula kwa ngongole: ndi phala ndi pogona basi, kapena ndi fizi yomwe? Imatha pa zaka zingati? Khoti lingafune nambala, ndipo mfundoyi siipereka.

Walter Block, katswiri winanso wa zachuma, anayesa njira yapakati kuyambira m'ma 1970. Iye amasiyanitsa kutulutsa ndi kupha. Mayi akhoza kumutulutsa mwana m'chiberekero nthawi iliyonse, koma m'njira yofatsa koposa yomwe ilipo. Mwana akafika poti angathe kukhala moyo kunja, ayenera kutulutsidwa wamoyo. Kholo lofuna kusiya kulera liyambe ladziwitsa ena, monga chipatala, mpingo kapena malo olerera ana amasiye, kuti wofuna amutenge. Kumubisa m'nyumba n'kusamudyetsa ndi mlandu. Vuto lake ndi makina a m'chipatala. Malire oti mwana angathe kukhala moyo kunja ali cha pa masabata 24 a mimba, ndipo zipatala zochepa zimapulumutsa ena obadwa pa masabata 22, kutanthauza kuti ufulu wa mwana ukudalira chipatala chomwe chili pafupi. Komanso ku United States mimba zoposa 90 pa 100 zilizonse zochotsedwa zimachotsedwa m'masabata 13 oyamba, pomwe kutulutsa ndi imfa basi.

Chipani cha Libertarian Party cha ku United States chinachita kuthawa mkanganowu. Pa msonkhano wake wa mumzinda wa Reno mu Meyi 2022 chinafufuta ndime ya kuchotsa mimba m'mfundo zake, kutangotsala mwezi umodzi kuti khoti lalikulu la dzikolo ligwetse chigamulo cha Roe v. Wade cha 1973, chomwe chinkateteza ufulu wochotsa mimba.

Ganizo loti kholo lingodziwitsa n'kusiya mwana linayesedwapo, ngakhale oyesawo sankatsatira Block. Ku United States, chigawo cha Texas chinayamba mu 1999 kulola kusiya khanda pamalo otetezeka popanda mlandu. Chigawo cha Nebraska chinakhazikitsa lamulo lake mu Julaye 2008 koma sichinalembemo msinkhu. M'miyezi yochepa ana oposa 30 anasiyidwa m'zipatala, ambiri ali achinyamata osati makanda, ena atabwera nawo kuchokera kuzigawo zina, ndipo bambo wina mumzinda wa Omaha anasiya ana asanu ndi anayi tsiku limodzi. Amene anawasenza ndi boma lomwelo, ndi ndalama za msonkho. Mu Novembala chaka chomwecho aphungu anakumana mwadzidzidzi n'kuika malire a masiku 30.